Thandizeni: tikapangana mtengo wa soya, mlandu ugwera ndani?

A Admin, bisani dzina langa chonde.

Ndine manijala wa depoti ya kampani ina yogula soya ndi nshawa kuno ku Chipata. Likulu lili ku Lusaka, koma mtengo wogulira anatisiyira ife a m'madepoti, ndipo bonasi yanga imachokera pa phindu la depoti. Tsopano anzanga a makampani ena andiika pa gulu la WhatsApp. M'mawa amalemberana mtengo wa kilo woti tonse tiike pa bolodi, ndipo agawana kale madera: wina Katete, wina Chadiza, ine njira ya ku Lundazi. Nditawauza abwana ku Lusaka anangoti iwo afuna matani, zina asamve. Zikaululika agwidwa ndani, ine kapena kampani?

Wogwira ntchito zamalamulo: Nonse awiri, akulu. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa opikisana kupangana mtengo kapena kugawana msika, kaya ndi pogula kaya pogulitsa. CCPC, bungwe la Boma loyang'anira mpikisano pa malonda, ingalipiritse kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zolowa pa chaka, ndipo munthu wopangana nawo angathe kulowa m'ndende mpaka zaka 5. Onani mmene kampani yanu yakhalira: mphamvu ya mtengo anaitsitsira kwa inu, bonasi ikukukankhani, koma palibe pepala lomwe abwana asaina. Tsiku la mlandu nambala ya foni yooneka pa gululo ndi yanu.

Mayi wa ku Katete: Ndiye n'chifukwa chake masikelo onse amatchula mtengo umodzi? Ife timayesa ndi Boma. Mulungu akuoneni, abambo inu.

Wamalonda wa pa Kapata: Nanga ine wa mashopu awiri, ndikaika mtengo umodzi ndalakwa?

Wogwira ntchito zamalamulo: Ayi bambo, mwini ndi mmodzi, simudzipikisa nokha. Vuto ndi makampani osiyana eni. Kwa ofunsa: musafufute mauthengawo, ndi umboni wanu. CCPC imachitira chifundo wodziulula nathandiza kufufuza. Mu 2021, pa nkhani ya mitengo ya simenti, Dangote inakhululukidwa motero pomwe makampani ena awiri analipiritsidwa. Kaonaneni ndi loya musanapite kukaulula.

Wofunsa: Zikomo. Koma ndikatuluka pa gulu lero, sadziwa kuti ndine?

Wa ku Petauke: Adziwa ndithu. Yambani mwawalembera abwana anu imelo kuti mwakana, kope musunge kunyumba, osati pa kompyuta ya ku ofesi.