Webusaiti ya bizinesi yodula mitengo sikupezeka pa Google, tiyambire pati?

Wamitengo wa ku Kapata:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Tili ndi kabizinesi kogwetsa mitengo yoopsa pafupi ndi nyumba, kusadza nthambi ndi kuzula zitsa muno mu Chipata, nthawi zina mpaka ku Katete. Webusaiti tili nayo, yopangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, koma munthu akalemba "tree cutting Chipata" pa Google sitioneka, ndipo pafoni imatseguka mochedwa kwambiri. Tikonze chiyani mvula isanagwe?

Wamakompyuta wa ku Moth:
Bambo, webusaitiyo muisiye kaye. Pantchito ngati yanu, Google imayamba kuonetsa mapu ndi mabizinesi atatu apafupi, mawebusaiti amabwera pansi. Kuti mulowe pamapupo tsegulani Google Business Profile, ndi yaulere. Pamtundu wa bizinesi sankhani "Tree service". Popeza ndinu amene mumapita kwa makasitomala, bisani adiresi ya kunyumba n'kulemba madera amene mumafikako: Chipata, Katete, Chadiza. Amalola madera 20, koma asapitirire ulendo wa maola pafupifupi awiri pagalimoto kuchokera pamene mumakhala.

Nthawi zambiri adzakupemphani kavidiyo kotsimikizira. Mukajambule kamodzi osadukiza, muonetse chizindikiro cha m'dera lanu, chainsaw, zingwe, galimoto ndi chikalata cha PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi. Dzina lilembedwe monga lilili pachikwangwani chanu. Mukawonjezerapo mawu ngati "best cheap tree cutting" akhoza kukutsekerani, ndipo kutsegulitsa kumavuta. Mukamaliza ntchito iliyonse, tumizirani mwini nyumba linki pa WhatsApp kuti alembe ndemanga. Ndemanga zogula kapena zolembetsa abale musayerekeze, n'zoletsedwa ndipo amazichotsa.

Mayi wa mawebusaiti:
Zamapu ndikugwirizana nazo, koma webusaiti musaisiye achimwene, pakuti mwina vuto ndi laling'ono. Lembani pa Google mawu akuti site: n'kutsatiza adiresi yanu osasiya mpata. Ngati sipakutuluka kanthu, lowani mu WordPress, Settings, kenako Reading, muone ngati kabokosi ka "Discourage search engines", kouza Google kuti isaonetse webusaiti yanu, kali kochongedwa. Okonza ambiri amakachonga pomanga webusaiti n'kuiwala kukachotsa. Mukakachotsa lembetsani ku Google Search Console, chida choonera mmene webusaiti ikupezekera pa Google, n'kutumiza sitemap, yomwe ndi mndandanda wa masamba a webusaiti yanu.

Kuchedwako kawirikawiri ndi zithunzi. Chithunzi chochokera mufoni chimatha kulemera 3 MB kapena kuposa, ndiye zikhale khumi patsamba loyamba, munthu wa kabandulo kochepa ka MTN kapena Airtel amangotuluka. Zichepetseni zifike mapikiselo 1200 m'lifupi, zikhale za mtundu wopepuka wotchedwa WebP, chilichonse chisapose 200 KB. Zithunzi zoyenda zokha pamwamba zija chotsani, siyani chimodzi. Yesani pa PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la webusaiti, mbali ya foni: chinthu chachikulu cha patsamba chizioneka masekondi 2.5 asanakwane.

Pamwamba penipeni paikidwe mabatani awiri, loimbira foni ndi la WhatsApp. Linki ya WhatsApp ndi wa.me/260 kutsatiza nambala yanu mutachotsa 0 woyamba. Mukapanda kuchotsa 0 uja, linki sigwira. Munthu amene nthambi ya mango yagwera pamalata ake usiku sadzaza fomu, amafuna kuimba.

Wamitengo wa ku Kapata:
Zikomo amayi. Nanga ntchito zonse tizilembe patsamba limodzi?

Mayi wa mawebusaiti:
Ayi, iliyonse ikhale ndi tsamba lake: kugwetsa, kusadza, kuzula zitsa, ndi ntchito yadzidzidzi mphepo ikawononga. Mutu wa tsamba usapitirire zilembo pafupifupi 60, utchule ntchito ndi tawuni, monga "Tree Felling in Chipata" kenako dzina lanu. Mitu ikhale m'Chingelezi chifukwa ambiri amasaka m'Chingelezi, koma m'munsi ikanimo ndime ya Chinyanja. Musakopere tsamba limodzi n'kumangosintha dzina la tawuni, Google imaona kuti ndi zofanana. Dzina ndi nambala zifanane ndendende pa webusaiti, pamapu ndi pa Facebook.

Wazankhalango:
Ndiwonjezere za zolembamo. Fotokozani chimene chimakweza mtengo wa ntchito: kutalika kwa bulugamu kapena malaina, kuyandikira kwake ku nyumba kapena mpanda, ndiponso ngati mudzachotsa zinyalala ndi chitsa. Pemphani kasitomala atumize zithunzi ziwiri, cha mtengo wonse ndi cha patsinde. Lembaninso poyera kuti nthambi zokhudza mawaya a ZESCO simuzidula magetsi asanazimitsidwe ndi eni ake, komanso kuti pamitengo yachilengedwe mumayamba mwafunsa ku ofesi ya zankhalango za chilolezo, malinga ndi lamulo la nkhalango la 2015. Masukulu, matchalitchi ndi malo ogona alendo amayang'ana zimenezo asanakuitaneni. Zonsezi zithe mu Seputembala, chifukwa Google imatenga milungu ingapo kuti ione zosintha, pamene mphepo zogwetsa mitengo zimadza ndi mvula yoyamba cha mu Novembala.