Pa gulu la banja: Mphatso akagone modyera ng'ombe?

Tadala: Odi pa gulu. Ndili ndi pempho, makamaka kwa alamu anga Mayi a Mphatso. Sewero lathu la Khirisimasi tionetsa pa 24 December madzulo, ndipo otitsogolera akufuna mwana weniweni modyera ng'ombe muja, osati chidole. Ndawauza kuti ndiyambe ndafunsa kwathu.

Mayi a Mphatso: Mlamu, mwana wa miyezi inayi pamaso pa chigulu chonsecho? Akayamba kulira bwanji?

Tadala: Akalira ndiye sewero lakoma, alamu 😄 Ndi mphindi 10 zokha kumapeto, abusa a nkhosa akamafika.

Mayi a Tadala: Tisanafike uko, ine ndili ndi funso langa. Dzulo foni ya mwanayu inalira, ndinangomva "Inde amayi, ndikubwera." Ine ndili pambali pake penipenipo. Amayi enawo ndi ati?

Bambo a Mphatso: Kwachema 😂😂

Tadala: Amayi inu! Ndi amene akusewera Elizabeti, paja ine ndikusewera Mariya. Otitsogolera anati kuyambira tsiku loyamba tiziitanana monga m'sewero, ngakhale pa nthawi yopuma, kuti pa siteji lilime lisamapunthwe. Ndiye zinangotikanirira.

Amalume Chimwemwe: Komatu Elizabeti sanali mayi ake a Mariya. Luka amangoti anali m'bale wake.

Tadala: Tikudziwa amalume, koma mayi amenewa mutawaona simungawaitane mwina. Mnyamata amene akusewera Yosefe ndi koyamba kukwera siteji. Masiku oyamba ankanjenjemera mpaka ndodo yake kumagogoda pansi, mawu onse balala. Iwo sanamudzudzule. Ankangoima kuseri kwa katani n'kumutchulira liwu loyamba lokha motsitsa, ena onse n'kubwera okha. Pano akalowa amayamba wayang'ana kumene iwo aima. Nawonso bambo amene akusewera Zekariya, paja amakhala osalankhula mpaka Yohane atabadwa, ndiye amayenda ndi sileti. Tikamayeserera amalembapo "Yosefe, wongola msana" n'kukweza m'mwamba, nkhope ili gwa. Kunja kwa siteji ndi olongolola kuposa tonse.

Azakhali a Tadala: Yosefe wonjenjemerayo ndi amene anyamule mwana wathu?

Tadala: Ayi azakhali, wonyamula ndine. Komabe akuphunzira. Poyamba chidole ankachigwira mutu uli lende, ndiye amayi Elizabeti anamukhazika pampando, dzanja lina pansi pa khosi, lina kumsana, kubwereza mpaka zinalowa. Anthu amenewa si achilendo kwa ine, alamu. Wina akapanda kubwera timamuimbira, ndipo usiku sitimwazikana mpaka aliyense atapeza woyenda naye.

Amalume Chimwemwe: Zofuna zinthu zenizeni m'sewero limeneli si zalero. Francis wa ku Assisi, m'chaka cha 1223 ku Greccio, m'dziko la Italy, anakonza modyera ndi udzu wake, n'kubweretsa ng'ombe ndi bulu zamoyo, kuti anthu aone ndi maso kusauka kumene Yesu anabadwiramo.

Mayi a Mphatso: Amalume musawapatse nzeru, bulu pafupi ndi mwana wanga ayi.

Tadala: Kulibe nyama, nkhosa zathu ndi ana ovala zoyera 😂

Mayi a Mphatso: Chabwino, ndalola, koma imvani zanga. Ndibwera naye kokayeserera kawiri kuti azolowere mawu ndi manja anuwo. Pa tsikulo ndiima kuseri kwa katani, ndimuyamwitsa asanalowe. Getsi lisamuwale m'maso, sipika ikhale kutali. Chidole chikhale pompo, akavuta musinthe mosakambirana. Wachimfine asamuyandikire, kaya ndi mngelo Gabirieli.

Tadala: Zonse zatheka! Tiyeserera pa 17 ndi pa 21, 4 koloko masana. Zikomo kwambiri alamu 🙏

Azakhali a Tadala: Nsalu yomukulunga ndisoka ine. Za m'bokosi la zovala za sewero zogwiragwira aliyensezo ayi. Modyeramo ndiikamo kamatiresi, udzu ukhale m'mbali mongoonetsera.

Bambo a Mphatso: Galimoto ndi yanga masiku onse atatu. Malo otsala ndi awiri, pa 24 amodzi ndi a agogo.

Mayi a Tadala: Pa 17 ndikwera nawo. Ndikamuone mnzanga amene akundilerera mwanayu, ndikamuthokoze ndi pakamwa panga. Ndikamufunsenso mankhwala ake, chifukwa ine ndikaitana sindimva "ndikubwera" msanga chonchija.

Tadala: Amayi 🙈 Akakondwa, amafunsa za inu. Vuto latsala limodzi: anzeru a kum'mawa atsala awiri, wachitatu amuika ntchito ya usiku.

Amalume Chimwemwe: Palibe vuto pamenepo. Mateyu satchula kuti analipo angati. Zitatu ndi mphatso: golide, lubani ndi mure. Mmodzi anyamule ziwiri basi.

Tadala: Mkanjo wachitatu unasokedwa kale amalume, ndipo ndi wa munthu wamtali ngati inu.

Bambo a Mphatso: Ndevu ali nazo kale, sizofuna kumata 😂

Amalume Chimwemwe: Pali mawu oloweza?

Tadala: Mzere umodzi wokha, kenako mugwade.

Amalume Chimwemwe: Kugwada ndigwada, koma pakhale wondidzutsa. Nditumizire mzerewo, ndipo undisungire malo m'galimoto pa 21.