Za shawelo ya alpaca ndi silika ija

Paja ndinafunsa mmene ndingawongolere shawelo yomwe ndinaluka ndi ulusi wa ubweya wa alpaca (nyama ya ku South America) wosakaniza ndi silika. Zatheka bwinobwino. Zikomo nonse amene munandilangiza kuti ndiyambe ndayesa pa kachidutswa kakang'ono.

Ndinainyika m'madzi ozizira kwa mphindi 20, osafikisa kapena kufinya, chifukwa silika akanyowa amafooka. Poivuula muzinyamula ndi manja awiri, pakuti alpaca akatamuka sabwerera ngati ubweya wa nkhosa. Madzi otsala ndinawachotsa poikulunga m'thaulo n'kudinikiza pang'onopang'ono. Kenako ndinaiyala pamalo osalala n'kubaya m'mbali mapini osachita dzimbiri, ndipo timabowo ta maluwa ake tonse tinatseguka mokongola.

Inu amene ulusi wanu uli ndi akiriliki (ulusi wochita kupanga, wonga pulasitiki), chonde nsimbi isakhudze chovalacho, imasungunula ulusi. Nthunzi yokha, mutagwira nsimbiyo chapatali, ikukwanirani.