Kodi ndani amandipitirira mtengo nthawi yomweyo pa okushoni ya pa intaneti?

Nabanda, Leeds:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagula katundu pa okushoni ya pa intaneti. Sabata yatha ndinapeza makina osokera a Singer, akale aja opukusa ndi dzanja, amene ndinkafuna kutumizira mayi anga ku Ntcheu popeza kwathuko magetsi sanafike. Mtengo unali pa £22 ndipo kunali kutatsala masiku awiri. Nditalemba £30, chala chisanachoke n'komwe pa foni, uthenga unafika wakuti wina wandipitirira ndipo mtengo wakwera pa £31. Ndinalemba £35, mtengo n'kufika pa £36. Apa nthawi inali itapitirira 1 koloko usiku. Ndinayesa komaliza ndi £45, n'kuona £46, ndipo ndinangosiya. Makinawo anagulidwa pa £46 yomweyo. Kodi panali munthu amene anachezera usiku wonse kudikira ine, kapena wogulitsayo ankakweza yekha mtengo? Komanso ndikadalemba £70, kodi ndikadalipira ndalama yonseyo?

Phiri, Lilongwe:
Anabanda, mnzanu amene munkalimbana nayeyo ayenera kuti anali m'tulo. Ife amene tinazolowera okushoni ya fodya ku Kanengo timaganiza kuti wogula amayenera kukhalapo, kutsatira wotchula mitengo m'mizere ya mabelo n'kumapereka chizindikiro yekha. Pa intaneti sizitero. Masamba ambiri amatsata njira imene tsamba la malonda la eBay limagwiritsa ntchito, yakuti ndalama imene mwalemba si mtengo umene mwagulira ayi, koma ndi malire amene mwanong'oneza kompyuta kuti ikuimireni mpaka pamenepo. Kompyutayo imabisa malire anuwo, ndipo imangoonetsa mtengo wochepetsetsa wokwanira kuti mukhale patsogolo. Wina akabwera ndi mtengo wosafika pa malire anu, iyo imamuyankha pompo pongowonjezera sitepe imodzi pamwamba pa mtengo wake.

Sitepeyo imakula mtengo ukamakwera. Pa eBay ya ku Britain, kuyambira £5 mpaka £14.99 amawonjezera 50p, kuyambira £15 mpaka £59.99 amawonjezera £1, ndipo kuyambira £60 mpaka £149.99 amawonjezera £2. Mukaona bwino, nthawi zonse zitatu munapitiriridwa ndi £1 yeniyeni, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti ankakuyankhani ndi kompyuta.

Pa funso lachiwiri, mukadalipira malinga ndi malire a mnzanuyo, osati anu. Akadakhala kuti iye anaika £50, inu ndi £70 yanu mukadagula pa £51. Akadaika £65, mukadagula pa £67. Koma akadaika £80, makinawo akadapitabe kwa iye pa £72. Dziwaninso kuti awiri akaika malire ofanana, amapambana ndi amene anayamba kuika, n'chifukwa chake ozolowera salemba £60 yosalala koma £60.37, pakuti timakobidi tapamwambato timakwanira kugonjetsa amene analekezera pa £60.

Mwale, Johannesburg:
A Phiri afotokoza bwino, ine ndingowonjezera chifukwa chake njirayi inakonzedwa chonchi. Mu 1961 katswiri wa zachuma William Vickrey, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1996, anafotokoza za okushoni imene wopambana amalipira mtengo wa munthu wachiwiri, osati wake. Iye anaonetsa kuti pa malonda otere palibe phindu lobisa mtengo umene katunduyo akukuyenerani mumtima mwanu, chifukwa malire anu amangogamula ngati mupambane kapena ayi, pamene ndalama yolipira imagamulidwa ndi mnzanu. Njira ya pa intanetiyi ikufanana kwambiri ndi imeneyo, kupatula sitepe yowonjezera ija.

Choncho kukwera pang'onopang'ono ngati mmene munachitiramu, achemwali, sikunakuthandizeni chilichonse, koma kunangokwezera mnzanuyo mtengo kuchoka pa £22 kufika pa £46, ndipo amene anapindula ndi wogulitsa. Ine ndimaona kuti ngozi yaikulu ya kachitidwe kameneka ndi mtima, pakuti munthu akapitiriridwa katatu amayamba kulimbana ndi mnzake m'malo moyang'ana katundu.

Ineyo ndimaika malire anga kamodzi kokha, patatsala masekondi ochepa kuti malonda atsekedwe. Pa eBay nthawi yotsekera kawirikawiri siisuntha, choncho anthu okwera pang'onopang'ono aja sapeza mpata wondiyankha. Komabe izi sizigonjetsa munthu amene anaika kale malire oposa anga, chifukwa kompyuta yake imayankha mwachangu kuposa chala chilichonse. Pa masamba amene amawonjezera mphindi zingapo wina akaika mtengo kumapeto, monga zimachitikira pa malonda ambiri a Yahoo! Auctions ku Japan, kudikira kotereku kulibe ntchito, ndipo intaneti ikakhala yodukaduka mukhoza kutsala opanda kuikapo kanthu.

Nachisale, Manchester:
Nkhawa ya Anabanda tisaitaye msanga, chifukwa ogulitsa ena amatumadi m'bale wawo kapena kutsegula akaunti yachiwiri kuti akweze mtengo, ngakhale kuti malamulo a masamba amenewa amaletsa mchitidwewu. Njira yodziwira ndiyo kutsegula mbiri ya mitengo ya katunduyo. Ngati mtengo umene unapambana uli ndi tsiku ndi nthawi ya m'mbuyo kuposa mitengo yanu, ndiye kuti munkalimbana ndi malire amene anaikidwa kale, ndipo palibe chinyengo. Chokayikitsa ndi akaunti imene imangopezeka pa katundu wa wogulitsa mmodzi yemweyo, kukwera pang'onopang'ono mpaka itapeza malire a wina, kenako n'kubweza mtengo wake kapena kungosowa.

Pali nthawi imodzi imene mtengo umadumpha popanda wopikisana naye. Wogulitsa akaika mtengo wobisika umene sangagulitsire pansi pake, tinene £50, inu n'kulemba malire a £70 mtengo uli pa £22, kompyuta imakufikitsani pa £50 nthawi yomweyo. Kumbukiraninso kuti mukapambana mwalonjeza kugula, choncho musalembe ndalama imene mulibe poganiza kuti mtengo sungafike kumeneko. Makina achitsulo amenewo ndi olemera ndithu, ndiye muyambe mwachotsera ndalama yokawatengera kwa wogulitsa ndi yowatumizira kumudzi musanasankhe malire anu.

Nabanda, Leeds:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatsegula mbiri ija monga ananenera Anachisale, ndipo ndapeza kuti wopambanayo anaika mtengo wake kamodzi kokha, masiku atatu ine ndisanawaone n'komwe makinawo. Wogulitsa uja ndinamuganizira zoipa popanda chifukwa. Ndapezanso makina ena ofanana nawo amene malonda ake atsekedwe Lamlungu madzulo, ndipo nditawerengera zotumizira zonse ndaika malire anga pa £58.40. Pakali pano mtengo ukuoneka pa £19.