Ndithandizeni kusankha pikapu ya dizilo yoyendapo kale

Abale, makamaka inu amakaniko ndi eni magalimoto, ndithandizeni maganizo. Ndikufuna kugula pikapu ya dizilo yoyendapo kale, yonyamulira katundu wolemera m'misewu yafumbi ndi yamatope. Maso anga ali pa ziwiri: Toyota Hilux ya injini ya 2KD, ya malita 2.5, ndi Isuzu D-Max ya 4JJ1, ya malita 3.0.

Chikundidetsa nkhawa ndi ma injector, tizipangizo topopera dizilo mu injini. Injini ziwirizi ndi za common rail, kutanthauza kuti dizilo amapanikizidwa kwambiri m'paipi imodzi yopita ku ma injector onse, ndipo dizilo wakuda kapena wosakanikirana ndi madzi amawononga ma injector msanga. Ndingadziwe bwanji kuti ayamba kufooka ndisanapereke ndalama? Utsi wakuda poponda moto ndi wokwanira kundibweza, kapena woopsa ndi utsi woyera poliza m'mawa?

Komanso Hilux imeneyi ili ndi timing belt, lamba woyendetsa mavalavu a injini, pomwe D-Max ili ndi tcheni m'malo mwa lambayo. Wogulitsa akati lamba anasintha koma alibe pepala losonyeza, ndimukhulupirire?

Ineyo mtima ukukokera ku Isuzu chifukwa cha tchenicho, koma Hilux yakale ya injini yotchedwa 5L yopanda turbo nayonso ikundikopa poti siyovuta kukonza. Inu amene mwayiyendetsapo itadzaza katundu, pachitunda imakwera kapena imangolira?