Ngongole ya chigayo: tigawana bwanji mu Disembala?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Kwatsala masabata anayi kuti tiswe bokosi la banki mkhonde yathu n'kugawana ndalama, koma ngongole ya chigayo sinabwerebe. Ndapempha alembi aike masamu onse pano kuti Lachinayi lisatithere dzuwa tikukokana. Chindapusa cha K500 cha mawu onyoza chikugwira ntchito ngakhale pafoni pano.

Mlembi: Zikomo amayi. M'kaundula muli izi. Mu Meyi mamembala anayi, nambala 3, 9, 14 ndi 21, anatenga K700,000 pamodzi, chiwongola dzanja 10 peresenti pamwezi, kubweza m'miyezi itatu. Ndalamayo inapita ku akaunti ya kopaletivi ngati gawo la alimi pa thandizo la boma lokonzera chigayo ndi makina opunthira mpunga omwe anamira m'madzi osefukira. Analipira chiwongola dzanja cha Juni ndi Julayi, K140,000. Kuchokera Ogasiti mpaka Novembala sipanalowe kalikonse. Miyezi inayi ya K70,000 ndi K280,000. Kuphatikiza ndi yomwe anatenga, ngongole yaima pa K980,000.

Nambala 7: Alembi, mwawamvera chisoni anthuwa. Chiwongola dzanja chosalipidwa chimakwera pamwamba pa ngongole, nacho n'kumabereka. Ogasiti K770,000, Seputembala K847,000, Okutobala K931,700, Novembala K1,024,870. Ngongole ya feteleza ya nambala 18 chaka chatha tinaiwerengera choncho. K44,870 yosiyanayo mwaiponya kuti?

Mlembi: Achimwene, lamulo limenelo linasinthidwa pa msonkhano wa Januwale, mkangano wa nambala 18 womwewo utatha. Pano chiwongola dzanja chimawerengedwa pa ndalama yomwe munthu anatenga basi. Chidindo cha chala chanu chili pa mzere wachisanu ndi chiwiri, tsamba lomaliza la malamulo.

Nambala 14: Amayi wapampando, ngongoleyi sitikuikana. Koma anthu amve kaye mmene thandizoli limayendera, chifukwa ena akuyesa kuti boma linatiika ndalama m'manja ife n'kudya. Kagawidwe kake n'kofanana ndi ka AGCOM, pulojekiti ya boma yothandiza magulu a alimi kuchita ulimi wa bizinesi: pa K100 iliyonse boma limaika K70, alimi K30. Pa K30 imeneyo, K20 ndi zinthu ndi thukuta, monga njerwa, mchenga, miyala ndi ntchito ya manja, pomwe K10 ndi ndalama yeniyeni yooneka pa sitetimenti ya banki. Bajeti yonse inali K12,000,000. Boma K8,400,000, zinthu K2,400,000, ndalama K1,200,000. Mamembala a kopaletivi anasonkha K500,000 yokha popeza mpunga wambiri unapita ndi madzi, ndiye K700,000 yotsalayo ndi imene tinadzabwereka kuno. Ndalama ya boma simabwera kamodzi. Imabwera m'magawo, ndipo gawo lachiwiri silituluka mpaka malisiti a gawo loyamba atawerengedwa, alangizi atafikanso kudzaona ndi maso. Tili pakati pa magawo awiriwo. Chigayo chisanalire, K70,000 pamwezi tiitola kuti?

Nambala 7: Ngati ndalama ili ku akaunti, katapeni K700,000 yathu mubweretse. Za chiwongola dzanja tikambirana pambuyo.

Msungichuma: Imeneyo ndiye njira yotayira zonse, achimwene. Kwacha iliyonse ya m'akaunti imeneyo ili ndi mzere wake m'bajeti: simenti, mota, malamba, waya, sefa. Mzere wobwezera ngongole mulibe. Cheke chake sasaina munthu mmodzi, ndipo chinthu chachikulu chilichonse chimagulidwa pataoneka makotesheni atatu, mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa osiyanasiyana. Mukatapa ndalama yopanda lisiti, owerengera ndalama akabwera amaikana, kopaletivi imauzidwa kuibweza, gawo lotsala n'kuimitsidwa. Pamenepo chigayo palibe, ndipo K980,000 yathu tidzailondola kwa anthu opanda poitenga.

Nambala 20: Ine funso langa likupita kukomiti. Lamulo limati munthu abwereke katatu pa masheya ake. Mu Meyi nambala 3 anali ndi K60,000, nambala 9 K50,000, nambala 14 K70,000, nambala 21 K40,000. Pamodzi K220,000, katatu ndi K660,000. Nanga K40,000 yapamwambayo anatsegulira bokosi ndani? Makiyi ali ndi anthu atatu.

Wosunga kiyi: Amlamu, makiyi amatsegula zomwe gulu lavomereza. Mlembi awerenge za tsikulo.

Mlembi: Anakweza manja 19, anakana anayi, awiri sanabwere. Nambala 20 ali m'gulu la anakana, zimenezo n'zoona. Koma chisankho chinali cha gulu.

Nambala 12: Tisanamve chisoni ndi madzi, tisiyanitse chomwe madzi anawononga ndi chomwe anthu anawononga. Mota ya 15 kW ikamira siifa tsiku lomwelo. Imafa tsiku loiyatsa. Madzi a Shire ndi Ruo amabwera ndi matope osalala omwe amalowa m'makhoyilo (mawaya okulungidwa a m'kati mwa mota) ndi m'maberingi, ndipo kunja kukauma m'kati mumakhala mukadali chinyezi. Ntchito yake ili chonchi: zimitsani pa switchi yaikulu, masulani mota pamalo pake, chotsani zotsekera za mbali zonse ziwiri, tsukani matope ndi madzi oyera, kenako umitsani pang'onopang'ono kwa masiku angapo ndi kutentha kosapsereza vanishi. Kuiyanika pa dzuwa la ku Ngabu tsiku limodzi n'kunena kuti yauma ndi bodza. Ikauma, wamagetsi ayeze ndi megger, chida choonera ngati magetsi akudontha, pakati pa khoyilo iliyonse ndi thupi la mota. Ikalephera kufika megaohm imodzi siyatsidwa, imabwereranso kokauma. Maberingi onse awiri amasinthidwa osafunsa, chifukwa girisi wosakanikirana ndi mchenga amadya chitsulo m'masabata ochepa. Sitata ya star-delta, bokosi loyatsira mota, nayo imaiwalika: makontakita, maswitchi a m'kati mwake, akamira amachita dzimbiri, limodzi likakanika kugwira mota imayenda ndi mafezi awiri, mawaya awiri a magetsi m'malo mwa atatu, imang'ung'udza, imatentha, n'kupsa. Ya chigayochi inayatsidwa patangopita masiku atatu madzi ataphwa, ndipo fungo la vanishi wopsa linafika mpaka pamjigo. Pakanafunika maberingi awiri, makontakita ndi ganyu ya wamagetsi. Pano pakufunika mota yatsopano, ndipo ndi imene yatupitsa bajeti mpaka 10 peresenti yake kufika K1,200,000.

Nambala 9: Bambo, zonsezo n'zoona, koma anayatsa ndi woyendetsa chigayo wa kopaletivi, si ife anayi. Ndipo chachedwetsa gawo lachiwiri si mota. Choyamba ndi maziko. Pakhoma la chigayo pali mizere iwiri ya matope yomwe sinafufutike: wa namondwe Ana wa mu Januwale 2022 uli m'mawondo, wa namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 uli pachifuwa, pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20. Bajeti inawerengera nsanja ya theka la mita, matumba 25 a simenti. Alangizi atayeza anati makina ndi bokosi la magetsi zikhale pamwamba pa mzere wa Freddy, nsanja ifike mita imodzi ndi theka, pakhalenso chotsetsereka chokwezera matumba. Simenti inafika matumba 60, ndipo kusintha mzere m'bajeti kumafuna kalata yovomereza, sumangosintha ndi cholembera. Konkire nayo imafuna masiku 28 ikuthiriridwa isananyamule chinthu chogwedera ngati chigayo. Mukafulumira, mabawuti amaziko amasukusa, shafti imapotoka, malamba n'kumaduka sabata iliyonse. Chachiwiri ndi makotesheni. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa mamota ku Blantyre sasunga mtengo nthawi yaitali. Podikira konkire makotesheni onse atatu anatha mphamvu, kunali kuyambiranso.

Nambala 5: Ana anga, za mafezi ndi makhoyilo zikhale kwa inu. Chomwe chilipo n'chakuti mvula ikagwa mbewu ya mapira ndi thonje imafuna ndalama m'manja, Januwale ana akufuna fizi. Anthu 21 asalephere kubzala chifukwa cha anthu anayi. Walira mvula walira matope. Munafuna thandizo la boma, senzaninso kuchedwa kwake.

Nambala 21: Agogo, tamva. Maganizo anga ndi awiri. Thumba la zadzidzidzi lichotseko gawo, poti madzi osefukira ndi ngozi. Kapena K700,000 isanduke sheya ya gulu m'chigayo, gulu lizilandira phindu mwezi ndi mwezi.

Msungichuma: Zonse ziwiri ayi. M'thumba la zadzidzidzi muli K86,000, ndipo lamulo limatchula maliro, matenda ogonekedwa kuchipatala ndi nyumba yogwa. Tikulowa m'dzinja, mukudziwa mmene Makhanga ndi East Bank yonse kumakhalira mu Januwale ndi Febuluwale. Thumba limenelo silikhudzidwa. Za sheya, gulu lathu limatha chaka ndi chaka, wina amatuluka wina amalowa. Wotuluka mu Disembala mudzamudulira nyundo ya chigayo? Komanso kopaletivi ili ndi malamulo ake ndi satifiketi yake, ndipo makina ogulidwa ndi thandizo la boma ali m'dzina la kopaletivi. Anthu anayi sangagulitse gawo la chinthu chomwe si chawo okha, sangachiikenso chikole.

Nambala 12: Ndiwonjezere kuti asatilonjeze ndalama ya mpunga. Ngakhale makina opunthira ataimikidwa mu Disembala, mpunga wa ku Muona ndi Nkhate umayamba kufika mu Meyi ndi Juni, ndipo umafuna uume kufika chinyezi cha 14 peresenti, apo ayi umasweka n'kutuluka misere yokhayokha, wogula n'kuukana. Mpaka nthawi imeneyo chomwe chingalowetse ndalama ndi chigayo cha chimanga cha kudimba ndi mapira. Tiyerekeze zidebe 60 patsiku pa K600, ndi K36,000. Mayunitsi a magetsi, malipiro a woyendetsa, sefa zong'ambika ndi nyundo zotha zidya kuposa theka. Patsala ngati K15,000 tsiku labwino. Koma tsiku labwino limafuna magetsi. Namondwe Ana atagumula damu la magetsi la Kapichira dziko linataya pafupifupi 130 MW ya magetsi, kukonza kunatenga kuposa chaka. Ndiye pangano lililonse likhale ndi chikole chogwirika ndi manja, lisatsamire pa chigayo chokha.

Mlembi: Ndiye masamu ogawana ndi awa, aliyense atenge kabuku kake aone. Masheya onse ndi 1,500 a K2,000, ndi K3,000,000. Phindu lomwe lalowa kale, chiwongola dzanja ndi zindapusa, ndi K920,000. Kuonjezera K280,000 ya chigayo, chuma chonse ndi K4,200,000, sheya imodzi K2,800. Ngongole zina zonse zikabwera, m'bokosi mukhala K3,220,000. Anayiwa pano ali ndi masheya 160. Pa K2,800 ndi K448,000, ndipo imeneyo sailandira, ipita kungongole. K980,000 kuchotsa K448,000 kutsala K532,000. Masheya a ife 21 ndi 1,340. Tikagawana K2,400 pa sheya mu Disembala ndi K3,216,000, m'bokosi mutsala K4,000. K400 yotsala pa sheya iliyonse ndi K536,000, yomwe ndi K532,000 ya ngongole kuphatikiza K4,000 ija. Wa masheya 60 atenga K144,000 pano, K24,000 pambuyo.

Nambala 3: Ndiye kuti ife anayi tituluka chimanjamanja mu Disembala?

Wapampando: Inde achemwali, lamulo limati wangongole sagawana asanabweze. Limenelo silinasinthe.

Nambala 7: Nanga K532,000 izikhala osabereka? Ndalama imeneyo ikanakhala m'bokosi bwenzi ikuzungulira mu Januwale, mwezi umene anthu amabwereka kwambiri.

Nambala 14: Mukaika 10 peresenti ndi K53,200 mwezi woyamba. Phindu la chigayo ndi la kopaletivi yonse, ife tapempha K133,000 pamwezi kuchokera kumeneko, ndipo komiti yawo yavomera kulemba kalata kuti ngongoleyi inatengedwera iwo. Kanayi ndi K532,000, Januwale mpaka Epulo. Mukaonjezera chiwongola dzanja, Epulo afika ngongole ikadali.

Nambala 20: Chiwongola dzanja chiime, koma pa mfundo imodzi. Akaphonya mwezi umodzi ndi masiku 7, 10 peresenti ibwerere pa zonse zotsala kuwerengera kuchokera Disembala, ndipo chikole chigulitsidwe. Kalata ya kopaletivi tiilandira, koma amene anatenga ndalama m'bokosi ndi anthu anayi, ndipo ndi amene tidzawagwire.

Msungichuma: Chikole chikhale mbuzi. Zazikazi zazikulu tiziike pa K60,000 iliyonse, zisanu ndi zinayi ndi K540,000. Zisasamuke m'makola mwawo, koma alembi alembe mtundu ndi zizindikiro za iliyonse, osunga makiyi aziziona pa msonkhano woyamba wa mwezi. Ikafa kapena kubedwa, mwiniwake aikepo ina m'masiku 14. Ana obadwa ndi a mwini mbuzi. Ndipo madzi akayamba kukwera zikwezedwe kumtunda msanga, chifukwa khola la nambala 21 lili kumunsi kwenikweni.

Nambala 9: Ine ndiika zitatu, nambala 14 zitatu, nambala 3 ziwiri. Nambala 21 ali ndi imodzi yokha yaikulu, ikwana.

Nambala 7: Ndavomera, koma K400 yotsalayo ilembedwe m'kabuku ka aliyense ndi chidindo, isasakanikirane ndi masheya a chaka chamawa. Wotuluka m'gulu mu Disembala adzailandirebe.

Wapampando: Zilembedwa choncho. Lachinayi 2 koloko, malo omwe aja. Aliyense abwere ndi kabuku kake. Nambala 14 abwere ndi kalata ya kopaletivi yosainidwa ndi wapampando ndi msungichuma wawo, komanso sitetimenti ya banki yoonetsa K700,000 italowa. Ndatuma mwana kwa amfumu kuti adzakhale mboni ya pangano la mbuzi. Tidzakweza manja pa mfundo ya nambala 20, ndipo anayiwa savota.