Mwana wa achimwene wagwidwa ndi kandege, nditani?

A Admin chonde ndibiseni dzina. Abale, ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima.

Ndimasunga mwana wa malemu achimwene anga, mnyamata wa zaka 17, ali Folomu 4. Zinayamba ndi gemu ya mpira ya pa PlayStation (PS) kushopu ina ya pamsika. Ine ndinkati bola zimenezo kusiyana ndi chamba. Kenako anayamba kubetcherana ndi anzake pa gemupo, ndipo pano wafika pa kandege, gemu ya juga ya pafoni ija ya Aviator, yomwe umabetcha n'kuchotsa ndalama kandegeko kasanagwe.

Sabata yatha aphunzitsi ake anandiimbira kuti ndalama ya patitayimu sinafike miyezi iwiri, chonsecho ndinkampatsa m'manja. Layini yomwe amagwiritsa ntchito ndi yanga yakale, ndiye nditaona mameseji ndinapeza mndandanda: K500, K1,000, K500, K2,000, ambiri a pakati pa usiku. Sakugona, maso ali psuu, nsima amadya foni ili pantchafu, ukamuyankhula amangokalipa. Nsapato zake za kutchalitchi anapinyolitsa.

Ndimulande foni? Koma manotsi amatumizirana pa WhatsApp. Ndimutumize kwa agogo ake ku Ntcheu MSCE isanafike? Amalume ake sindinawauze, ndikudziwa kuti akangomva amukwapula.

Bambo wa ku Bangwe: Mukumusasatitsa. Landani foniyo, mkwapuleni, nkhani yatha.

Wosiya kubetcha: Bambo, ine anandimenyapo ndipo mawa lake ndinakabetcha pa foni ya mnzanga. Mayi, ndimvetsereni. Pa mpira umadikira mphindi 90 kuti udziwe ngati waluza. Kandege kamauluka masekondi ochepa chabe, kugwa, kena n'kunyamuka, moti ulibe mpata woganiza. Omwe anapanga gemuyi amanena okha kuti pa K100 iliyonse yomwe anthu abetcha imabweza pafupifupi K97. Zimamveka ngati zochepa, koma ndalama yomweyo ukaizungulitsa usiku wonse imatheratu. Ndiye pamabwera mtima woti "ndingobweza yanga yokha ndisiye". Ndalama ya patitayimu inapita pamenepo, sikuti mwanayo ankafuna kulemera ayi, ankafuna kutseka dzenje musanadziwe. Musayambe ndi kumufunsa kuti wabetcha zingati. Mufunseni kuti ali ndi ngongole kwa ndani. Ndipo ngati anagula tima "predictor" ta pa Telegram, tomwe amati timalosera gemuyi, muuzeni kuti amenewo ndi akuba, palibe amadziwa pomwe kandege kagwere.

Mphunzitsi wa ku sekondale: Lamulo la dziko lino silola mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA. Poti layiniyo inalembetsedwa m'dzina lanu, imbirani kampani yobetcherayo kuti atseke akauntiyo, musinthenso PIN ya Airtel Money kapena Mpamba. Fizi muzikalipira nokha, mutenge lisiti. Za kumudzi ine ayi. Netiweki ilinso ku Ntcheu, ndipo agogo sangadziwe zomwe akuchita m'foni. Foni azikupatsani usiku pogona, masana azigwiritsa ntchito. Ana amene ndimawaona akuwodzera m'kalasi m'mawa, ambiri ndi nkhani ya foni yomweyi.

Mayi wa Mvano: Pitani naye kwa abusa, mdyerekezi walowa.

Namwino: Pemphero ndi labwino amayi, koma apitenso kwa alangizi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi magemu ndi matenda, ndipo juga nayonso ili m'gulu lomwelo. Sikuti mwana aliyense wosewera PS akudwala. Timayang'ana ngati walephera kudziletsa, wasiya sukulu, tulo ndi anzake chifukwa cha gemu, komanso akupitiriza ngakhale akuona kuti zikumupweteka. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu otere, ndipo pa chipatala cha boma mungafunse namwino woona za matenda a maganizo. Chinanso: akayamba kudzipatula kapena kunena mawu ngati "bola kufa", musaone ngati akukuopsezani. Manyazi a ngongole amawalemera kwambiri anyamata. Tsiku lomwelo thamangani naye.

Mwini funso: Zikomo nonse. Usiku ndakhala naye pansi osakalipa, ndamufunsa za ngongole monga munanenera. Walira. Akuti anakongola K45,000 kwa mnyamata wina wa kabaza, ya katapila, ndipo ikukwera sabata ndi sabata. PIN ndasintha, foni wagona nayo ndine. Tsopano apa ndi pomwe ndagwira njakata: ndimubwezere ngongoleyo, kapena ndikatero aziona ngati azakhali alipo okonza zonse?

Wosiya kubetcha: Pitani nonse awiri kwa wa kabazayo, mukambirane kuti chiwongoladzanja chiime. Ndalama mupereke ndi dzanja lanu, osadutsira mwa mwanayo. Iye azibweza kwa inu ndi ganyu akamaliza mayeso. Mufunsenso kachiwiri pakatha masiku angapo, ine ulendo woyamba ndinangoulula theka la ngongole zanga.